Lumanda wa ku Kabwata

Ndinatsimikiza zochoka tsiku lomwe Amai anadzibaya ndi singano masanasana. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo nyumba yathu ku Kabwata ndi ya mawindo ang'onoang'ono. Amai ankasoka madiresi a azimayi a kutchalitchi. Malo a maphunziro ku Sweden ndinali nditapeza kale, koma ndinkazengereza.

"Amai, niyenda," ndinatero. "Nizakubweletselani malaiti yamene siyazima."

"Yenda, Tamala. Ise tinajaila."

Kumeneko ndinkapanga timagalasi tosandutsa dzuwa kukhala magetsi. Galasi limodzi limapakidwa utoto wogwira kuwala. Utoto wogula ndi wodula, choncho ine ndinkaufinya kuchokera ku maluwa ofiira a lumanda, ndiwo yathu ija. Galasi linalo ndinkalipaka makala a makoko a nsawa m'malo mwa chitsulo chodula. Lumanda wouma ankatumiza ndi Amai, kudzera mwa aliyense wokwera ndege.

Choseketsa n'chakuti ndinkaphunzira za dzuwa m'dziko lomwe dzuwa limangosuzumira ngati mpongozi wamanyazi. Ndinasungulumwa koopsa. Lamlungu linkatha osayankhula ndi munthu. Masiku ena ndinkamasula phukusi la Amai kungofuna kulinunkhiza.

Chaka chachitatu maphukusi anasintha. Munkapezeka timitengo, timiyala ndi maluwa owola. Utoto unkatuluka wotuwa, magetsi n'kuchepa, mphunzitsi wanga n'kumakwinya nkhope. Ndinaimba foni mtima uli m'mwamba.

"Amai, muzisankhako bwino! Munionongela nchito!"

"Pepa, mwana wanga. Nizayesa."

Ndikati tionane pa vidiyo, ankati malaiti ayenda, foni yatsala pang'ono kuzima. Sindinafunse zambiri. Ndalama ndinkatumiza osaphonya, ndipo ndinkadziyesa mwana wabwino.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu, kagalasi kanga kali m'chikwama cham'manja. Ndinawapeza Amai pakhonde dzuwa lili paliwombo, lichero pamiyendo, akusankha lumanda ndi nsonga za zala. Kudzera pakhomo ndinaona makina osokera atavindikiridwa ndi chitenje chafumbi. Ndinaima patsogolo pawo penipeni, koma sanatukule mutu mpaka nditayankhula. Atautukula, maso onse awiri anali oyera ndi ng'ala.

"Nanga simunaniuze chifukwa chani?"

"Sembe unasiya sukulu. Nikuziba iwe."

Ndinawauza kuti malaiti aja ndabwera nawo. Ndinatulutsa kagalasi kaja n'kukaika padzuwa, kababu n'kuyaka. Zaka zisanu zanga zonse zinali pamenepo, ndipo munthu amene ndinapitira sankaona kanthu. Manyazi anandigwira, ndinakumbukira mawu anga aja a pafoni.

"Yayaka?" anafunsa.

"Yayaka, Amai."

Anamwetulira, n'kundikankhira lichero.

"Uyu nasankha katatu kuti usakalipe. Onako ngati mukali myala."

Ndinayang'ana. Timiyala tinali mbwee.

"Mulibe, Amai," ndinatero. "Mwasankha bwino."