Belu la M'chigayo cha a Mbuu

Anthu ankangowatcha a Mbuu, chifukwa kuyambira nsidze mpaka nsapato anali mbuu ndi ufa, ngakhale atangosamba kumene. Chigayo chawo chinali chamadzi, chakalekale. Agogo awo anachimanga ndi miyala ya mumtsinje, nyumba n'kubwera pambuyo pang'onopang'ono: khitchini yotsamira khoma la chigayo, kenaka chipinda chogona, kenaka china cha njerwa zamtundu wina mwana akabadwa. Mawindo ake panalibe awiri ofanana. Mtanda umodzi waukulu unachokera pamwamba pa mphero, kuboola khoma, n'kukathera m'khitchini. Gudumu la madzi loyendetsa mphero likamazungulira, nyumba yonse inkanjenjemera ngati mphaka wokhuta, makapu akugundana pashelefu.

Lamulo la pachigayopo linali limodzi: mphero zisazungulire popanda mbewu. Zikatero zimadyana zokha n'kuthetheka moto, ndipo fumbi la ufa ndi moto sizionana. Ndiye m'bokosi lothiramo mbewu munali chingwe cha belu. Mbewu zikatha, chingwe chinkamasuka, belu n'kulira.

"Belu limenelo sindinaliphonyepo," ankadzitama a Mbuu. "Makutu angawa amamva ndi nyerere ikatsokomola."

Akazi awo ankangomwetulira. Mayi ofatsa amenewo, koma abale, tiyi wawo! Ankabwera naye nthawi zosadziwika, wina wozizira kale, n'kuwagwira amuna awo paphewa. A Mbuu ankakonda kuima pawindo n'kumalota ali maso, akuonerera madzi akugwa pagudumu, dzuwa likusewera m'fumbi la ufa. Akagwidwa ankatembenuka, kuona belu likugwedezeka, n'kuthamangira thumba. "Mwandisokoneza, mayi, ndimati ndithire kale!"

Mayiwo atamwalira, mwana wawo wamkazi anabwera kudzakhala nawo. M'mawa wina anamva fungo la mwala wopserera. Atathamangira kuchigayo anapeza belu likulira ngati lapenga, bambo ake ali pawindo phee, akumwetulira madzi. Mwanayo anatseka madziwo yekha.

"Bambo, belu simulimva," anawafuulira kukhutu. "Chigayochi tichiimitse, tingapsere m'nyumba."

"Iwe, ndakubala ndine! Ndaphonya lero lokha."

Mwanayo anawagwira dzanja mpaka kukhitchini, n'kuwaonetsa pamtanda paja, pamwamba pa potsukira mbale. Panali malo osalala, akuda, ofanana ndi chikhatho.

"Amayi ankagwira apa. Mbewu zikamatha, mtandawu umanjenjemera mwamtundu wina. Belu lisanalire, iwo ankakhala atathira kale tiyi. Anandiletsa kukuuzani."

A Mbuu anaika dzanja lawo pamenepo. Chikhatho chawo chinaphimba malo onsewo n'kutsala. Manyazi anawagwira, kenaka chisoni chachikulu, poti zaka zonsezo ankamukalipira munthu pa tiyi wozizira.

"Kathire thumba limodzi," anatero, "utsegule madzi. Lomaliza."

Gudumu linazungulira. Makapu anayamba kugundana, koma iwo ankangowaona. Anatsinzina, ndipo m'dzanja mwawo munadutsa nyumba yonse: agogo akunyamula miyala, ana akubadwa chipinda ndi chipinda, mayi aja akuimba chapansipansi. Patapita nthawi mtanda unasintha, n'kuyamba kunjenjemera mopepuka, mwanjala.

Anadikira pang'ono, phewa atalipendeketsa. Palibe anawagwira.

"Tseka, mwanawe," anaitana. "Ndalimva."