Sukulu ya a Drane M'chipinda cha Alendo

M'mawa uliwonse, akamaliza kukama, a Drane ankamasula belu m'khosi mwa mbuzi yawo yaikulu n'kulowa nalo m'nyumba. Ankaima pakhomo la chipinda cha alendo n'kuliliza. Ana awo awiri, Marash ndi Ndoc, ankatuluka m'chipinda chogona atavala nsapato, tsitsi atalipesa ndi madzi, zikwama zili kumsana. Ankadutsa pakhitchini n'kugogoda. Ulendo wawo wa kusukulu unkathera pomwepo.

"Mwadzuka bwanji aphunzitsi?"

"Ndadzuka bwino. Ndoc, wachedwanso. Basi yakusiya?"

Kamwanako kankaseka mpaka kugwira pamimba. Belu likatha ntchito, a Drane ankalibwezera kwa mwini wake.

Ine ndinkazimva zonsezi chifukwa nyumba zathu zimalekana ndi mpanda umodzi. Dzina langa ndine Tereze. Ndinakwatiwira m'mudzi uno wa kumtunda kwa mzinda wa Shkodër ndili wamng'ono, ndipo mwamuna wanga amamanga nyumba za eni ku Girisi. Ndinkatsala ndi apongozi ndi khanda langa, Vera. Sindine wolankhulalankhula. A Drane ndi amene anayamba kundiitana pampanda, amvekere, "Iwe mkamwana wa eni, ungouma ndi manyazi kumeneko. Bwera udzamwe khofi."

Nyumba yawo inali ndi mlandu wa magazi. Mng'ono wa amuna awo anawombera mwana wa a Gjoka, a m'mudzi momwe muno, pokangana za ngalande yothirira, n'kuthawira kutsidya kwa nyanja. Mlandu unatsalira amene anatsala. Kuyambira tsiku limenelo mwamuna aliyense wa pakhomopo akatuluka pageti ndi wa mfuti. M'nyumba munthu saphedwa, ndipo mkazi sakhudzidwa. Ena amati kale ana ankawasiya, koma ndani angayesere pa mwana wake? Marash anatsekeredwa ali ndi zaka zitatu. Ndoc anabadwira momwemo.

Choncho a Drane ankalima okha, kumsika okha, kutchalitchi okha. A Pashk, amuna awo, ankakhala pampando wa pawindo n'kumapota fodya. Manja awo anafewa ngati a wansembe, pamene a a Drane anang'ambika.

Sukulu ankaichita m'mawa, dzuwa lisanatenthe kumunda. A Drane anaphunzira mpaka kalasi yachisanu ndi chitatu, ndipo anandiuzapo kamodzi kuti ankafuna unamwino. Zilembo ankaphunzitsira pa thireyi yophikira buledi. Ankawazapo ufa wa chimanga, mwana n'kulemba ndi chala, akalakwa n'kungogwedeza thireyi. Masamu anali a nyemba. Mabuku anabwereka kwa aphunzitsi a sukulu ya m'mudzi, amene poyamba ankabwera kudzaona ana, kenako anayamba kutumiza moni wokha.

Masiku ena ndinkakhala nawo pakona ndikuyamwitsa. Ine ndinalekera kalasi yachinayi, ndipo masamu ogawa ndinawamvetsera pomwepo, mwakachetechete. Marash anandigwira ndikuwerenga zala pansi pa shawelo.

"Aphunzitsi, amayi a Vera akubera!"

"Asiye, iwowo ndi a kalasi ya akuluakulu. Samala zako."

A Pashk nawo ankasuzumira pakhomo. "Aphunzitsi, ine ndakhala nambala chani chaka chino?"

"Inu mwabwereza. Kasutireni kukhitchini, mukutsokomoletsa ana asukulu."

Ankachokadi, akuseka. Nyumba imeneyo inkasekedwa m'mawa mokha.

Tsiku lina buku linafunsa kuti, fotokoza zimene umaona popita kusukulu. Marash, amene apa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anaganiza nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndimaona mbaula, ndi nsapato za ababa." Nsapatozo zinkakhala pakhomo, zopolishidwa, zopanda fumbi. A Drane anati wakhoza. Anatuluka kukaona mbuzi, ngakhale mbuzi zinalibe vuto lililonse.

Nthawi imeneyo akuluakulu awiri oyanjanitsa pamodzi ndi wansembe ankapita kwa a Gjoka kukapempha besa ya ana okha. Besa ndi lonjezo lakuti kwa masiku akutiakuti mfuti siilira. Ankapempha kuti anyamatawo aziyenda msewu wa kusukulu basi, kupita ndi kubwera. A Gjoka sanavomere, komanso sanakane. Anawapatsa alendowo khofi, nati adzayankha akatha kukolola mphesa. Mudzi wonse unati zimenezo ndi zabwino.

Koma Marash sanadikire mphesa. M'mawa wina belu litalira, iye sanatuluke. Atamukoka, anakankha thireyi, ufa mbwee pansi.

"Sukulu kulibe! Mumangonama. Inu si aphunzitsi, ndinu amayi. Belu ndi la mbuzi."

Kuyambira pamenepo ankakhala pansi pa tebulo. Sankalira, sankachita mwano. Ankangoyang'ana miyendo ya mipando. Chakudya ankachitola pang'ono n'kusiya. Ndoc naye, poona mkulu wake, anavula chikwama. A Drane anabwera pampanda maso ali psuu.

"Tereze, mwana uja akuzima ndikuona. Akanangoiona sukuluyo ndi maso ake, kamodzi kokha."

Ine ndinangoti, "Mphesa zatsala pang'ono, achemwali."

Patapita masiku, ndikusesa pabwalo, ndinawaona akudutsa pamsewu ndi kamtsikana kovala diresi lamaluwa ndi mpango kumutu. Ndinadziwa kuti alibe mwana wamkazi. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe kuti ndi Marash. Dzanja limodzi linali mwa mayi ake, linalo analitambasula pambali ngati akufuna khoma loti agwire. A Drane anandiyang'ana n'kuika chala pamlomo.

Zotsalazo ndinamva kwa amayi a pagolosale yoyang'anana ndi sukulu. Akuti anaima pawaya wa mpanda wa sukulu nthawi yopuma. Mwanayo anagwira waya ndi manja onse awiri, kukamwa yasa. Kenako mpira unagubuduka n'kutulukira pageti. Iye anasiya waya, anaumenya, n'kuuthamangira mpaka pakati pa bwalo. Mpango unagwa. Tsitsi lalifupi la mnyamata linaoneka poyera, ana n'kuyamba kukuwa. Pakati pa anawo panali mdzukulu wa a Gjoka, mwana wa malemu uja. Palibe anamukhudza Marash. Mayi ake anamunyamula kumsana n'kuthamanga naye mpaka kunyumba, mwana wamkulu choncho.

M'mawa mwake akuluakulu aja anabwera. A Drane anawaikira khofi, koma makapu anazizira osakhudzidwa. Ndinamva zonse ndili kukhitchini kwawo.

"A Gjoka akuti, ife tikulira mwana wathu, inu mukhala m'nyumba, ndiwo ulemu. Tinali titafewa. Koma mwatuluka osapempha, n'kutiyendera pamsewu ndi mnyamata wovala diresi ngati ndife zitsiru. Akuti za ana musadzazitchulenso."

A Pashk sanakalipe. Alendo atapita anangoti, "Mayi a Marash, diresi limenelo mwaveka ine." Anabwerera pawindo, ndipo sanasuzumirenso m'kalasi kudzafunsa nambala.

Chondipweteka n'chakuti Marash anachira. Anatuluka pansi pa tebulo, anayamba kudya, ndipo m'mawa ankafika pakhomo belu lisanalire. Ankamuuza mng'ono wake, "Kulikodi, Ndoc. Kuli bwalo lalikulu, ukathamanga sugunda khoma." Ankafunsa mayi ake kuti pabenchi amakhala angati, ndipo akalowa kumeneko adzamuika kalasi iti. A Drane ankayankha kuti zidalira khama lake. Iye n'kulimbikiradi. Pofika Khirisimasi ankawerenga buku la kalasi yachiwiri osagwira ndi chala. Mayi ake ankamuyamikira nkhope atayang'anitsa kwina.

M'nyengo yozizira yomweyo a Drane anayamba kuwonda. Anali ndi chotupa kubere chimene anachibisa nthawi yaitali, poti akagonekedwa ndani akalime, ndani akagule mchere? Pamene ndinawaperekeza kuchipatala ku Shkodër, madokotala anatipatsa mankhwala opha ululu n'kutiuza kuti tibwerere. M'basi sanalankhule za matenda. Ankawerenga zikwangwani za m'misewu n'kumati, "Ichi Marash angachiwerenge. Ichinso."

Sukulu sinatsekedwe. Bedi lawo analisamutsira m'chipinda cha alendo, ndipo ankaphunzitsa chogona, thireyi ili pamiyendo. Mawu akawathera, Marash ankaphunzitsa Ndoc, iwo n'kumakonza ndi maso. Ine ndinkakama mbuzi zawo ndi kuphika msuzi wa nyemba wa nyumba ziwiri.

Mitengo ya maapozi itayamba maluwa, masana ena, anatuma ana kukhitchini kuti akawerengere bambo awo. Anandikodola kuti ndikhale pabedi. Dzanja lawo linali lopepuka ngati la Vera.

"Tereze, tamvera, usalire, ndilibe mpweya wobwereza. Ndikapita, a Gjoka adzapereka besa ya maliro. Imeneyo sangakane, ngakhale iwowo. Amapereka masiku atatu."

"Achemwali, musalankhule choncho."

"Iwe, ndati tamvera. Bambo awo ndawauza, avomera. Mudzandiike tsiku loyamba lomwelo, anthu asachedwe ndi nyimbo. Akabwerako kumanda, bambo awo adzakhala ndi alendo opepesa, sadzachoka pampando. Apongozi ako adzanena kuti ana a namfedwa sayenda, mudzi udzalankhula. Uwasiye alankhule. Ndiwe wamanyazi, ndikudziwa, koma miyendo uli nayo."

Anapuma kaye. Kukhitchini kunkamveka mawu a Marash akuwerenga pang'onopang'ono, ndi a Ndoc akumutsatira m'mbuyo. A Drane anamwetulira pang'ono.

"Ndiyesetsa ndisafe Lachisanu, masiku otsalawo angagwere pa Loweruka ndi Lamulungu, zingawonongeke zonse."

Ndinaseka ndikulira, iwo n'kundifinya dzanja.

"Masiku awiri otsalawo, uwadzutse m'mawa, uwapese, uwaperekeze kusukulu. Avale mabuluku awo, ayende pakati pa msewu. Ukawapemphe aphunzitsi awalowetse m'kalasi ndi anzawo, asawaimike pakhomo ngati alendo. Ndipo Ndoc akamukhazike kutsogolo. Mwana uja saona patali."