Mbuzi pa Malaya a Akapitawo

Ndine ndinayambitsa, ndipo mpaka lero ndili Fomu 3 sindinapepese ndi mtima wonse. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, nyengo yosoka fodya pa esiteti ina ku Kapelula kumene bambo anali atenanti. Zigafa zinkanunkha masamba ofota, zala zathu zili bii ndi utomoni, mandimu akugwa okha kuseri kwa sukulu. Aphunzitsi athu, a Nabanda, anatiwerengera kabuku ka mtsikana wotsekeredwa m'nyumba amene analembera mchimwene wake kalata yosaoneka. Atatseka kabukuko anafinyira ndimu m'kapu, tinalemba papepala ndi timitengo, pepala n'kuuma lili mbee. Ataliyandikiza ku kandulo, zilembo zinatuluka zofiirira. Tinkati ndi mankhwala, iwo n'kuseka kuti madzi a ndimu amapsa msanga kuposa pepala, basi.

Ine funso linandikhala m'mutu: nanga pansalu? Amayi ankachapira a Phiri, akapitawo amene ankasankha mabanja otsala pa esiteti chaka chamawa, munthu wa kandevu kosongoka. Malaya awo oyera, okavala ku chinkhoswe cha mwana wawo Loweruka, anali pachingwe. Ndinajambula mbuzi kumsana kwa malayawo ndi madzi a ndimu, ndevu ndinazikometsa, ndipo zitauma panalibe chooneka. Lachisanu masana amayi anathira makala m'simbi. Ndinakhala pakhonde n'kumaona nyanga zikutuluka, kenako maso, kenako ndevu. Chimwemwe changa chinali cha munthu amene sayansi yamumvera. Amayi anaika simbi pansi, ndipo a Phiri anali atafika kale pabwalo kudzatenga malaya awo.

“Mayi a Yamikani, ndevuzi ndazidziwa,” anatero. “Kaya chaka chamawa mudzajambulira kuti.”

Bambo analowa m'nyumba n'kutulutsa malaya awo a ukwati, oyera okhawo amene anali nawo, n'kuwapereka ndi manja awiri. A Phiri anawayesa, anawakwana, anapita. Tinatsala pa esiteti. Koma miyezi yonse kufikira fodya atagulitsidwa, bambo ankapita kutchalitchi ndi juzi yotseka mpaka m'khosi, dzuwa likuswa mtengo, n'kumakhala kumbuyo. Mbuzi ija ndimaisekabe, koma juziyo ndikaikumbukira kuseka kumandithera. Aphunzitsi anatiphunzitsa kuti chobisika chimaoneka chikatenthedwa. Zoti wolemba ndi wina ndipo wopsa ndi wina, ndinaziona ndekha.

Chilango changa anagamula amayi: “Poti wajambula wekha, uvala wekha.” Teremu yonse ndinapita kusukulu ndi malaya ofika m'mawondo, mbuzi ili kumsana. Iwo ankayesa ndichita manyazi. Ine ndinkayenda pang'onopang'ono kuti aliyense aione bwino, ndipo pofika Lolemba lachiwiri, mumtengo wa kuseri kwa sukulu munalibenso ndimu ndi limodzi lomwe.