Mwana woluma wa ku esiteti

Ntchitoyi ndinaimva pa zolengeza kutchalitchi ku Ludzi. Bungwe lina linkafuna munthu woti limuphunzitse kuthandiza ana ovutika kulankhula ndi kukhala ndi anzawo. Ndinali nditamaliza kozi ya uphunzitsi koma ndili pakhomo, ndiye ndinapita, makamaka pofuna kudziwa kuti ana otere amaphunzitsidwa bwanji.

Wondiyang'anira anali Mayi Nkhoma. Zida zathu zinali zochepa: makadi a zithunzi, wotchi, ndi kabolodi komatapo nyenyezi mwana akachita bwino. Anandiphunzitsa kuona zinthu zitatu: chimene chachitika mwana asanayambe khalidwe lovuta, khalidwe lenilenilo, ndi chimene chatsatira. Njira yatsopano iliyonse tinkayamba tayeserera awiri, iwo akuchita ngati mwana, mpaka kudzigwetsa pamkeka. Ndikakhala ndi mwana weniweni, ankakhala kumbuyo osalowerera.

Tsiku lovuta linandipeza ndekha, iwo atapita kuboma. Kunabwera bambo a Yamikani, tenanti wa pa esiteti ya fodya. Yamikani, mmodzi wa ana athu osalankhula, anali ataluma mwana wa kapitawo, ndipo kapitawoyo anati zikachitikanso banja lonse lisamuke. Apo n'kuti fodya wawo ali m'chigafa. Bambowo anandipempha kuti ndiwaonetse kamangidwe ka mwana kosapweteka, poti anamva kuti ife timadziwa.

Ndinawamvera chisoni. Ndinawapatsa mpando n'kuimbira Mayi Nkhoma.

"Zomanga mwana sitichita, ndipo musawalonjeze kuti asiya mawa," anatero. "Komanso musawabweze chimanjamanja. Inu mukuona kuti tiyambire pati?"

Ndinati mwina tifunse kuti amaluma nthawi yanji. Anavomera, n'kunena kuti akubwera.

Masana anafika pa kabaza, ndipo tinapita limodzi ku esiteti. Mafunso anandisiyira ine. Mayi ake a Yamikani ndiwo anamasula nkhani: mwanayo anali ndi chitini chimene ankakonda kugogoda, ndipo anzake akamulanda ankaluma. Akaluma, ankamubwezera msangamsanga. Ndinadabwa kuona kuti kulumako kunali kupempha, ndipo kunkamuyendera.

Tinagwirizana kumuphunzitsa kuonetsa khadi la chitinicho m'malo moluma, anzake akaona khadi azibweza. Ine ndinkafuna tithamangire kwa kapitawo, koma Mayi Nkhoma anayamba afunsa makolowo zimene akulola kuti tikanene za mwana wawo. Kapitawo anatimvera monyinyirika, n'kutipatsa mpata. Kuluma sikunathe lero ndi lero, koma kunachepa, ndipo banjalo linagulitsa fodya wake lili pompo.

Lero nane ndimayang'anira ophunzira. Tsiku loyamba ndimawapatsa nambala yanga ya foni, n'kuwauza kuti mawu akuti "dikirani ndifunse kaye" sachotsa ulemu wa munthu. Amene angapwetekeke tikachita zinthu mongolota ndi mwana wa eni, yemwe sangathe n'kukatinenera komwe.