Tsiku lomwe ndinabweza malume ku Malawi

Ine ndi munthu amene ndinasunthapo malire a dziko la Mozambique. Ena amafuna asilikali, ine ndinangogwiritsa chala chimodzi, ndipo ndinali ndisakudziwa.

Koleji ku Quelimane ndinaisiya pakati, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti tatopetsana. Komabe ku Milange ndinali katswiri, poti ndinkadziwa poyatsira kompyuta. Bungwe lina lolembetsa minda ya anthu obwerera kuchokera ku makampu a ku Malawi linandilemba ntchito. Anzanga ankazungulira minda ndi GPS, kuchulu, kumango, mpaka kumtsinje. Yanga inali kulumikiza pulogalamu yojambula mapu ndi nkhokwe ya m'kompyuta momwe tinkasunga manambala a mindayo.

Polumikizapo, pulogalamu inandifunsa kuti manambalawo anayezedwa ndi muyeso uti. Miyeso inali ndandanda. Ndinasankha wapamwamba, poganiza kuti mkulu amakhala kutsogolo.

Tinapita nawo mapu ku Majaua, anthu atasonkhana pabwalo la tchalitchi. Panali malume anga, omwe anakhala kukampu zaka zambiri. Atabwerera anapeza mnansi wawo atalowa mizere ingapo m'munda wawo wa m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, pamalire ndi Malawi, ndipo ankadikira pepala kuti mkangano uthe.

“Mphwanga, wanga uli pati?”

Ndinaloza. Chala changa chinawoloka mtsinje.

Mnansi uja anasuzumira, n'kuseka mpaka kukhosomola. “Achimwene, si ndinkanena? Munabwera thupi lokha. Munda unatsala kukampu!”

Malume sanaseke. Anavula chipewa. “Ndiye ndinabwereranji?”

Ndinayankha mwaulemu wonse kuti nkhaniyi ndi ya sayansi.

Mvula inali pafupi. Malume analumbira kuti sabzala m'dziko la eni, anadyapo kale chimanga cha pamzere kukampu ndipo sakufunanso. Mayi anasiya kundifunsa ngati ndadya. Masiku atatu ndinkatsegula nkhokwe ija, manambala ali bwinobwino. Ndikatsegula mapu, malume ali ku Malawi. Shefi wanga, mkulu wa ofesi, ndinkamuzemba ngati wamsonkho. Bwanji mnansi akabzala munda wonse? Bwanji nkhani ikafika kuboma kuti ndagawira alendo dziko?

Tsiku lachinayi ndinaona kuti tchalitchi nachonso chaima pakati pa madzi. Ansembe anali asanadandaulepo za ng'ona. Apo ndinazindikira kuti si malume okha, mudzi wonse unasunthira mbali imodzi, mtunda wofanana. Ndinapalasa njinga kubwerera ku Majaua, n'kuika GPS pachipilala chasimenti chomwe Apwitikizi anasiya poyeza malo, n'kuyerekeza ndi mapu awo akale. Muyeso ndinasankha uja unali wa mapu akalewo, pomwe GPS inkayeza mwa lero. Pobwerera chubu chinaphulika, ndinakankha njinga mpaka pamsika.

Ku ofesi ndinasintha mzere umodzi. Tchalitchi chinatuluka m'madzi, malume n'kuwoloka Ruo kachiwiri, ulendo uno osanyowa.

Nditawapatsa pepala latsopano, analiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale sawerenga.

“Ukutsimikiza? Mawa sundisamutsanso?”

“Malume, mwakhazikika.”

“Chala chakocho uzichisunga m'thumba.”

Anabzala mawa lake, kuyambira mizere ya mkangano ija, mnansi akuonerera.

Kusamutsa mudzi wonse ndi kuubweza kunandidyera ndalama zokwana makonto asanu, omatitsira chubu.