Paladini wa Njira Ziwiri

Dayisi ija inali ya mbali makumi awiri, yofiira ngati switi, ndipo ndivomere kuti tsiku loyamba ndinainyambita. Amalume aang'ono anabwera nayo kwathu ku Bolero kuchokera kukoleji, pamodzi ndi buku lachingerezi lofotokopa, losokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anati ndi masewera a nthano. Iwo amafotokoza dziko la zinjoka ndi malinga, aliyense wa ife amakhala munthu wa m'nthanomo, ndipo dayisi ndiyo imagamula ngati lupanga lako latema kapena laphonya. Ndinali kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, kolongolola ngati wailesi.

Amayi atangoona dayisi anati juga sidzaponda pakhomo pawo. Amalume anawanyengerera kuti ine ndidzakhala paladini. "Paladini ni vichi?" anafunsa amayi. Amalume anati ndi mkulu wa mpingo wonyamula lupanga, sanama, saba, ndipo amalumbira kamodzi basi. "Yewo, mwina uyu aphunzirako kusanama," anatero amayi, natilola kusewera m'chigafa cha fodya, osati m'nyumba.

Tinayamba patchuthi cha Pasaka, ine ndi ana awiri a pakhomo loyandikana nalo. Fodya anali akadali wopachikidwa pamwamba pathu ndipo fungo lake linkakanda kukhosi. Paladini wanga ndinamulemba patsamba la pakati la kope lamasamu, ndipo ndinamukweza ndi thukuta langa mpaka sitepe yachinayi. Mnzanga wina anali wamatsenga, zomwe amayi sitinawauze, ndipo ankaponya moto ine ndikungotema. Tsiku lina ndinapempha kuti paladini wanga aphunzireko matsenga pang'ono. "Yayi," anatero amalume. "Paladini njira yake ndi imodzi." Ndinavomera, ndipo ndinayamba kunyada nako kukanizidwako.

Tchuthi chachikulu chitafika, kunabwera msuweni wanga wa ku Mlowe, kunyanja, mwana wamkazi wa amalume aakulu. Anatsika matola ali yekha, ndi jumbo ya zovala yonunkha usipa. Palibe anandiuza chimene anadzera, ndipo ine sindinafunse. Amayi ake anali a ku Dedza, choncho Chichewa chake chinali choterera, pomwe changa chinkatsimphina ndi Chitumbuka. Amayi anamupatsa bulangete langa la maluwa. Nkhuku itaphedwa, nthutumba inapita m'mbale mwake. Zonsezi ndinapirira, koma m'chigafa ndi momwe nsanje inandigwira, chifukwa amalume aang'ono anamupanga paladini nayenso, n'kumuika pasitepe yachinayi tsiku lomwelo kuti aziyenda nafe. Miyezi yanga inayi iye anaipeza masana amodzi.

Sankasewera bwino n'komwe. Ankaiwala kuponya dayisi, maso ali kumsewu wa fumbi. Komabe sabata yachitatu anatsegula pakamwa: ankafuna kuti paladini wake akhalenso mlenje wa m'nkhalango, wa uta ndi galu. "Ndikufuna zonse ziwiri," anatero motsitsa mawu. Ndinayang'ana amalume ndikumwetulira, kudikira "yayi" uja. Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamupatsa pensulo. "Lemba."

Tsiku limenelo ndiwo sizinandikomere. Lero ndimadziwa kuti kunali kungolemba mawu amodzi papepala, koma nthawi imeneyo ndinkaona ngati andilanda amalume anga ndili maso. Ndinkati ndine ndekha amene amaseka nane mpaka kutsokomola, ndine amene amandisiyira dayisi kuti ndisunge. Tsono wa kunyanja uyu, wongobwera dzulo, wapatsidwa chimene ine ndinakanizidwa!

M'mawa mwake ndinaba buku lija pansi pa pilo wa amalume. Paladini wosaba uja, inde. Ndinapita nalo kwa aphunzitsi athu a Chingerezi, amene ndinawapeza akutong'ola chimanga pakhonde. Ndinawanamiza kuti ndikufuna kuzolowera kuwerenga. Anasangalala chomene, anapukuta magalasi ndi shati, ndipo tinasaka limodzi mpaka tinapeza kandime kake. Anandimasulira pang'onopang'ono: paladini akatenga njira ina, zimene anaphunzira kale amatsala nazo, koma paupaladini sadzakweranso mpaka kalekale. Khomo limatsekeka. Ndinawapempha abwereze kawiri. "Iwe udzakhala loya," anatero. Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha m'mizere ya minda youma.

Masana ndinadikira kuti onse akhale pansi. Msuweni anali atajambula kagalu pakona pa pepala lake. Ndinaimirira ngati woitanira nyimbo m'tchalitchi, ndinatsegula buku, n'kuwerenga lamulolo m'Chingerezi, kenako m'Chichewa kuti pasakhale wonamizira kusamva. Ndipo ndinamuloza chala. "Sankha chimodzi. Munthu sakhala mbali ziwiri. Ukapita uko, kuno usadzabwerenso."

Amalume anafuna kulankhula, koma ndinawadula: kodi si inu munati njira ndi imodzi? Kodi malamulo ndi a ine ndekha? Anatenga buku, anawerenga okha, naliika pansi. "Wanena zoona," anatero osandiyang'ana. "Lamulo likutero."

Msuweni sanalire. Anatenga labala n'kuyamba kufufuta mawu akuti mlenje. Atatha anafufutanso mawu akuti paladini, ndi kagalu komwe, ndipo anapitiriza kukhula mpaka pepala linabooka. Anaimirira, anasansa diresi lake, n'kupita kukathandiza amayi kupeta. Ine ndinasangalala, ndisaname. Ndinaponya dayisi ndipo inagwa bwino, koma amalume anati mutu ukuwawa, tipitiriza mawa. Mawa lakelo silinafike.

Loweruka lotsatira kunabwera alendo. Amalume aakulu anachokera ku Mlowe ndi akulu awiri, ndipo amayi a msuweni anabwera ndi alongo awo kuchokera ku Dedza. Ana tinathamangitsidwa panja, kupatula iye. Anamuitanira m'nyumba, chitseko chinatsekedwa, ndipo ine ndinakhala pamtondo ndikuwiringula kuti ngakhale pa tiyi wa alendo amukondera. Madzulo anatuluka atanyamula jumbo yake ija. Sanatsanzike kwa ine. Amalume aang'ono anamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo pobwera anandidutsa ngati sanandione.

Ndinkati akwiya chifukwa cha buku ndinaba lija. Panapita zaka ndisanamve kuti ukwati wa amalume aakulu unali utatha, kuti kwathu kuno mwana ndi wa bambo pomwe ku Dedza ndi wa mayi, ndipo akulu atalephera kugwirizana anati mwanayo anene yekha. Iye ankadziwa kuti tsikulo likubwera kuyambira pomwe anatsika matola. Amalume aang'ono nawonso ankadziwa, ndipo m'dziko lawo la zinjoka anafuna kumupatsa malo amodzi pomwe palibe angamuuze kuti asankhe. Ine ndi amene ndinakafufuza lamulo, ndinalimasulitsa kwa aphunzitsi, n'kumuwerengera m'zinenero ziwiri.