Pepala Lokulungira Matemba

Mpaka lero, ndikamva fungo la matemba ouma, mtima umabwerera ku Kachulu chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4. Tinali titangomaliza kumweta mpunga. Mwera unkaomba kuchokera kunyanja n'kutisiya milomo itang'ambika, miyendo ili mbuu. Pabwalo lathu pankadzaza mphasa zoyanikapo mpunga, ndipo ntchito yanga inali kuingitsa nkhuku.

Nyengo imeneyo amalume anayamba kubwera ndi bambo wina wa ku Songani, wopikula nsomba, wa njinga yamoto. Bamboyo ankafuna kukwatira achemwali anga a Esinati, omwe anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, ali mu Sitandade 8. Kwathu malume akalankhula za mbumba yake, palibe amatsutsa. Bambo athu, pokhala mkamwini, ankangothawira kunyanja. A Esinati anasiya kupita kusukulu, anasiyanso kuimba potsuka mbale. Ine, kupusa kwanga, ndinkangoganiza zokwera njinga yamoto.

Lachiwiri lina phungu wathu, mayi wamfupi wa mawu osasa, anabwera pabwalo la sukulu kudzafotokoza zomwe akhala akuchita ku Nyumba ya Malamulo. Ananena za mjigo omwe unakonzedwa, za mlatho omwe tinkaudikirabe, za sikelo ya ana, ndi za malamulo atsopano. Ine maso anali pagalimoto basi. Pomaliza anagawa mapepala a zonse zomwe ananena. Pofika mawa lake mapepalawo anali atakulunga matemba padoko ponse, ena abambo atapichirira fodya.

Loweruka amalume anafika ndi mlendo uja kudzapangana tsiku la ukwati. Amayi anawayalira mphasa, n'kubwera ndi kaphukusi ka matemba. Anakhuthulira matembawo m'mbale, pepala n'kundipatsa ine.

"Achimwene," anatero atagwada, "mwanayu akuti wayamba kuwerenga. Tamumverani, mwina akundinamiza poti ine sukulu sindinapiteko."

Ee, mmene ndinadzitukumulira! Ndinaimirira n'kuwerenga mokweza za mjigo ndi za mlatho, pepala likunona mafuta. Amayi anati, "Pitiriza, pansipo." Pansipo panali kadontho ka makala. Ndinawerenga mogumula mawu kuti lamulo tsopano likuletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo aliyense wokonza ukwati wotere adzakayankha kukhoti.

Nkhuku zinalowa pampunga, palibe anaziingitsa. Mlendo uja anakumbukira kuti ali ndi nsomba zomudikira padoko, ndipo sanabwerenso. Amalume anawayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anatola litemba limodzi n'kulitafuna.

"Mwanayu akuwerengadi," anatero.

Sabata yotsatira a Esinati anavalanso yunifolomu.

Ndinakula ndikudzitama kuti tsiku limenelo ndinadabwitsa amalume ndi nzeru zanga. Ndi a Esinati omwe anadzandiuza, ife tonse tili ndi ana, kuti amayi anamvetsera mawu aliwonse a phungu uja. Msonkhano utatha anapempha aphunzitsi kuti awalozere mzerewo, n'kuikapo chizindikiro ndi khala. Pepalalo analibisa masiku anayi pansi pa dengu la mpunga. Matemba aja anali athu omwe. Amayi sakanatha kutsutsa mlongo wawo pamaso pa mlendo, ndiye anabwereka pakamwa panga.